Atate Ako ndi Geti la Yunivesite

Kapata, Chipata
Lamlungu masana

Tiyamike mwana wanga,

Ndikulemba iwe uli kutchalitchi kumene anzako a kwaya akukutsanzika, ndipo atate ako ali komweko, akuwongolera nyimbo monga mwa masiku onse. Nyumba yangoti zii, ndiye ndapezerapo mpata. Ndikanatha kukukhazika pansi n'kukuuza zonsezi pakamwa, koma umandidziwa. Ndikayamba kulankhula ndimasanduka mphunzitsi, iwe n'kusanduka mwana wa kumbuyo kwa kalasi amene amavomera ndi mutu maganizo ali kumsika. Kalata siikalipa. Uiwerenge lero lomwe, usadikire mpaka m'basi mawa.

Za sopo, za anyamata a ku Lusaka, za kusabwereketsa ketulo yako, azakhali ako akuuza kale, ndipo anena bwino kuposa mmene ndikananenera ine. Yanga ndi imodzi: ukamalize. M'nyumba muno tinalowa yunivesite imene ukupitayo tili awiri, ine ndi atate ako. Wotuluka ndi digiri ndi mmodzi. Iwe nkhaniyi umaidziwa mmene amaikambira anthu a m'Kapata, akuti atate ako anali mtsogoleri wa sitiraka, munthu amene anagwedeza Lusaka yense. Umaikonda nkhani imeneyo, ndimakuona nkhope ikamakambidwa. Ine ndinalipo, ndipo sizinayende choncho.

Ndiyambe ndi zimene malo aja amamuchita munthu, kuti usaganize kuti ndikukuopseza nawo. Ine ndinafika kumeneko ndili mwana wa pamishoni weniweni, mwana wa aphunzitsi, wa diresi lofika m'akakolo. Sabata yoyamba ndinapita ku ofesi ya lekichala wa mbiri yakale kukapereka ntchito yanga. Nditatsegula chitseko ndinagwada, n'kupereka pepala ndi manja awiri monga tinkachitira kwa abusa. Bamboyo, wamfupi, wa ndevu zosapesa, anandiyang'ana ngati ndadwala. Anati ndidzuke, ndikhale pampando, ndimuuze chinthu chimodzi chimene ananama m'kalasi dzulo lake. Ndinati sananame. Iye anati ndiye kuti sindinkamvetsera, chifukwa ananama dala kuti aone ngati m'kalasimo muli wamoyo. Sabata yotsatira ndinaligwira bodza lake, ndinakweza dzanja pamaso pa anthu onse n'kumutsutsa, ndipo iye anandiwombera m'manja. Tsiku limenelo ndinayenda ndikumva ngati ndatalika.

Ndicho chimene yunivesite ija imachita, Tiyamike. Imatenga mwana amene anaphunzitsidwa kugwada, n'kumuphunzitsa kufunsa kuti n'chifukwa chiyani. Kenako anthu amadabwa ana omwewo akatuluka pa geti n'kukafunsa funso lomwelo kwa a boma. Ine sindidabwa. Sungaphunzitse munthu kutsutsa lekichala Lolemba, n'kuyembekeza kuti Lachiwiri akhala chete mnzake atatengedwa ndi apolisi. Iwenso zidzakugwira, ndipo ndikufuna zikugwire. Mwana wobwerako kumeneko akugwadirabe aliyense wovala tayi ndiye kuti wangotha nsapato pachabe. Koma ukamalize.

Tsopano za atate ako. Tinali m'chaka chachitatu, kutatsala chimodzi. Mnyamata wina wa ku Mongu, wophunzira zamalamulo, analemba nkhani yodzudzula boma m'kanyuzi ka ophunzira. Apolisi anamutenga, ndipo masabata anadutsa popanda wodziwa kumene ali. Akuluakulu a bungwe la ophunzira anaitanitsa msonkhano, ndipo tinagwirizana zoyenda pansi mpaka m'tauni kukafunsa kumene anamuika. Atate ako sanali m'bungwemo. Pamsonkhano sanalankhule. Iwo nthawi imeneyo zawo zinali masamu ndi kwaya ya Lamlungu, basi. Anapita chifukwa aliyense ankapita, komanso chifukwa nkhaniyo inali yoona. Ine ndinapita pa zifukwa zomwezo, kuonjezapo chakuti iwo ankapita.

Tinanyamuka m'mawa, khamu lalikulu, ndipo anyamata a kutsogolo anayambitsa nyimbo. Mwana wanga, sindinamvepo nyimbo ikuzunzidwa chomwecho. Awa ayambira pamwamba, awo pansi, a kumbuyo atsalira mzere wathunthu, Abemba, Atonga, Alozi ndi ife a kum'mawa, aliyense akukokera kwawo. Ine ndinangoseka. Atate ako sanaseke. Kumbukira kuti iwo ndi mwana wa mtsogoleri wa kwaya ya pamishoni, anakulira m'nyumba imene mwana akaphonya nyimbo ankaibwereza mpaka chakudya kuzizira. Ndinawaona akuluma mano, akupukusa mutu. Kenako anati, "Nyimbo iyi akuipha awa," n'kuyamba kudzipanikiza pakati pa anthu kulowera kutsogolo.

Atafika anachita zimene aliyense wa kwaya amachita. Anatembenuka kuyang'ana gulu, anakweza dzanja lamanja, anapereka liwu loyambira, n'kuyamba kuyenda chafutambuyo akumenya nthawi ndi dzanja. Ndipo zinatheka. Ndiyenera kunena zoona, zinatheka. Mabesi, anyamata a mawu apansi, anapeza malo awo, atsikana tinalowa pamwamba, mapazi anayamba kugwera pamodzi. Amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu anasiya malonda n'kuimirira. Kuimba kotero sindinakumvenso, ngakhale pa ukwati wathu.

Koma taganiza zimene ankaona apolisi amene ankatidikira pa mphambano. Ankaona khamu la ophunzira, ndi munthu mmodzi wamtali patsogolo, amene akakweza dzanja onse akufuula, akatsitsa onse akutonthola. Kwa iwo funso loti mtsogoleri ndani linali litayankhidwa kale. Atsogoleri enieni, ozolowera zinthu, anali pakati pa gulu, ena atavala zipewa zophimba nkhope. Atate ako, poti ankayenda chafutambuyo, apolisiwo sanawaone n'komwe mpaka anawagunda ndi msana.

Anawasunga kwa kanthawi ndipo anawamenya mokwanira, monga amanenera iwo eni. Yunivesite inatsekedwa, tonse tinabwerera kwathu. Itatsegulidwa, atate ako anaitanidwa ku komiti yosungitsa mwambo kuti akadzifotokoze. Anzawo anawatsina khutu kuti akakane, akanene kuti anangokankhidwira kutsogolo. Koma mwana wa pamishoni akafunsidwa ndi akuluakulu amayankha zoona, n'kuonjezeranso zimene sanafunsidwe. Atafunsidwa ngati anatsogolera nyimbo, anati inde. Atafunsidwa ngati pali amene anawatuma, anati ayi, anapita okha chifukwa mabesi ankachedwa kulowa. A komiti anaganiza kuti akuwachita chipongwe. Anawachotsa, n'kuwauza kuti asadzapondenso mkati mwa mpanda uja.

Mnyamata wa ku Mongu anatulutsidwa patapita nthawi, anamaliza maphunziro ake, ndipo ndimamva kuti ndi loya wotchuka. Mwina kuyenda kwathu kunathandiza kuti atuluke wamoyo. Atate ako amakhulupirira choncho, ndipo ine sindiwatsutsa. Atsogoleri a zipewa aja, ena ali m'boma limene lalowa posachedwali, timawamva pa wailesi. Atate ako ndi kalaliki wa sitolo ya m'tauni, amene nthawi yokolola amatumidwa ku Chipangali kukagula mtedza. Sindikunena mwanjiru. Ndikungokuuza kumene aliyense anathera.

Ndakufotokozera zonsezi chifukwa iwe uli ndi dzanja la atate ako. Mwina unaiwala za maliro a agogo ako ku Chipangali, udakali ku pulayimale. Amayi a mpingo anayambitsa nyimbo pamwamba kwambiri, mawu akuwathera pakhosi. Ine ndinali pambali pako. Ndinaona dzanja lako likukwera lokha, iwe osadziwa, ndipo usanaganize n'komwe unali utaima patsogolo pa amayi akuluakulu, ukuwatsitsira nyimbo pamalo pake. Anthu anakondwa, anati mwana uyu ndi wa atate ake ndithu. Ine ndinabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba. Chiyambire tsiku limenelo ndakhala ndikuliyang'ana dzanja limenelo. Pakaipa chinthu, kaya ndi nyimbo, kaya ndi mzere wa pachigayo, kaya ndi ana akukangana pamjigo, iwe sutha kupirira. Umapita kutsogolo kukakonza.

Sindikuti usamapite ku misonkhano ya ophunzira. Upite, umvetsere, ufunse mafunso ovuta kwa a bungwe monga ungafunsire a boma. Sindikutinso usadzayende nawo mumsewu. Ine ndinayenda, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndikuti ukadzakhala m'gulu nyimbo n'kuipa, isiye iipe. Gwira buku, gwira chitenje, pisa manja m'thumba. Ngati tsiku lina udzaima kutsogolo, udzaime chifukwa waimvetsa nkhaniyo, waona mtengo wake, ndipo wasankha wekha dzulo lake mutu uli bwinobwino. Usadzapezeke kutsogolo chifukwa mabesi achedwa kulowa. Wandimva, Tiyamike? Ukamalize.

Pali cholakwa china chimene ndinachita ine, ndipo ndinakhala nacho zaka zingapo. Ndinkaganiza kuti atate ako amadana nayo yunivesite ija. Titakwatirana, chithunzi changa cha gawuni ndinachibisa pansi pa sutikesi. Anzanga a kusukulu akabwera kudzacheza ndinkawatsinzinira kuti asatchule za kumeneko. Wailesi ikayamba nkhani za ophunzira ndinkapeza chifukwa chosinthira siteshoni. Tsiku lina iwo anandifunsa kuti chithunzi chija chinapita kuti. Ndinati ndinkaopa kuwapweteka mtima. Anandiyang'ana monga amayang'anira munthu woimba molakwa, n'kupita okha kukagula msomali. Ndi chomwe chili pabalazacho. Usamaganizire munthu chimene chikumupweteka, mufunse.

Zoona zake n'zakuti mu Chipata muno mulibe munthu wonyadira yunivesite ija kuposa atate ako. Ife a madigiri timainyadira pa maliro ndi pa maukwati. Iwo amainyadira tsiku ndi tsiku. Chaka chatha, itatsekedwanso, tinali mu minibasi kuchokera m'tauni, ndipo bambo wina wonenepa anayamba kulalikira.

"Ana a pa yunivesite awa ni ofunika chikoti," anatero. "Akudya ndalama za boma mahala, ndiye akhuta. Kungowathamangitsa onse, akalime."

Ine ndinayang'ana pawindo, poti ndinadziwa chimene chikubwera.

"Bambo," anatero atate ako, "munalowapo mu laibulale ya kuja?"

"Ine? Nikafunemo chiyani?"

"Ine n'nalowamo zaka zitatu. Mwana akawerenga mabuku ali mmuja sangakhale zii ngati thumba la chimanga. Ena ni opusa, inde, amaphwanya zinthu. Koma dokotala amene adzakuoneni shuga yanuyo achokera komweko."

Bamboyo anafunsa kuti nanga iwo anatenga digiri yanji. Atate ako anayankha kuti sanatenge, anawachotsa. Minibasi yonse inaseka, iwonso anaseka nawo, ndipo anapitiriza kuiteteza mpaka tinatsika. Ine sindinaseke. Zinandipweteka, ndipo zimandipwetekabe.

Ukudziwa kagulu kathu ka amene tinaphunzira kumeneko: aphunzitsi, a m'maofesi a boma, a kubanki, dokotala mmodzi. Timasonkha mabuku opereka m'masukulu, timathandiza ana amene asankhidwa koma alibe thiransipoti, ndipo wina wa ife akamwalira timavala magawuni n'kunyamula bokosi lake. Anthu ena amatiseka, amati tikufuna kuonekera. Pang'ono akunena zoona. Koma ine ndimanyadira, sindibisa. Gawuni ija ndimaisita ndekha, sindipatsa munthu. Malo amene anakusintha mutu sungawaiwale, ndipo ukakumana ndi munthu amene anakhalapo pa mabenchi omwewo, ngakhale akhale wa mtundu wina, wa chipani china, mumamvana musanamalize moni. Iwenso udzaziona zimenezi, ndipo n'zabwino.

M'gulu limeneli ndi mmene ndinalakwitsanso. Pamsonkhano wina ndinaimirira n'kupempha kuti atate ako alembedwe umembala. Sindinawafunse. Ndinkafuna kudzawadzidzimutsa ndi nkhani yabwino. Ndinalankhula bwino ndithu, ndinafotokoza za tsiku lija la mumsewu, ena mpaka anagwetsa misozi. Tcheyamani wathu, a Ngoma a kubanki, anakanda mutu.

"Amayi Mbewe," anatero, "a Mbewe tonse timawalemekeza. Koma malamulo athu akuti membala akhale ndi digiri. Tikatsegula chitseko, mawa aliyense amene anadyako ku dainingi ya kuja adzati ni membala."

Tinakangana mpaka tiyi kuzizira. Pomaliza anagwirizana kuti atate ako akhale membala wapadera, wosavota, wosavala gawuni. Ine ndinabwera kunyumba ndikuona ngati ndapambana mlandu. Nditawauza anaika supuni pansi.

"Wakutuma ndani?" anandifunsa. "Dzina langa lakhala likukambidwa masana onse ngati la mwana wamasiye, anthu akukweza manja kuti alowe kapena asalowe, ine osadziwa? Ukawauze kuti zikomo, sinifuna."

Masiku angapo ankangondipatsa moni basi. Anali ndi chifukwa. Ndinamenyera nkhondo munthu amene sanandipemphe, ndipo ndinamuvula pamaso pa anzake. Ukumbukire zimenezi ku Lusaka. Kumeneko mudzafuna kuyendera ophika a ku dainingi, alimi, amayi a pamsika, anthu osauka a dziko lonse. Musananyamule zikwangwani m'dzina lawo, wina apite akawafunse chimene akufuna. Nthawi zambiri ophunzira akabwerera ku mabuku awo, amene amatsala ndi mavuto ndi ophika aja.

Masiku ano zinthu zasintha, ndikudziwa. Zipani zachuluka, munthu atha kudzudzula boma pa wailesi n'kukagona kwawo. Koma yunivesite ikutsekedwabe, mwina kuposa kale, ndipo nkhani zake zambiri ndi za chakudya ndi ndalama za ophunzira zimene zachedwa. Sindikuzipeputsa. Njala ndi njala, ndipo mwana wa mlimi wa ku Chipangali amene alibe wachibale mu Lusaka, ndalamayo ikachedwa amagonadi ndi njala. Koma pali zinthu ziwiri zimene ndikukuletsa ndi pakamwa panga, ngati mayi wako. Usadzatole mwala. Galimoto zimene ophunzira amagenda pa msewu waukulu wodutsa pa geti si za nduna, nduna zimadzera kwina. Ndi mabasi ochokera kuno, ndi malole a mtedza, ndi munthu wothamangira kuchipatala ndi mkazi wake. Ukadzaona anzako ayamba kutola miyala, nkhani yatha, bwerera kuchipinda.

Chinacho ndi ichi. Yunivesite ikadzatsekedwa, ndipo idzatsekedwa, ubwere kunyumba ndi mabuku ako, osati ndi zovala zokha. Ana ambiri a m'Kapata muno sanachotsedwe ndi komiti iliyonse. Anangobwera kudzadikira kuti itsegulidwe, miyezi n'kumapita. Wina anayamba kaulendo ka malonda kuwoloka malire kupita ku Malawi, ndalama n'kuyamba kumukoma. Wina anapeza bambo wa galimoto. Mwana wa anzanga a kusukulu, mtsikana wanzeru kukuposa iwe, itatsegulidwa anali ndi pakati, ndipo lero akugulitsa zovala zakale za salaula pamsika. Palibe amene amamuimbira nyimbo ngati ngwazi. Tsiku limene wailesi idzalengeze kuti mubwerere, iwe ukakwere basi yoyamba, ngakhale kunja kukugwa mvula. Digiri ya zaka zinayi itha kukutengera zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Zilibe kanthu. Ukamalize.

Pali chinthu chimene sunamvepo, chifukwa atate ako sachikamba ndipo anthu a m'Kapata sachidziwa. Tsiku limene ndinalandira digiri tinali tisanakwatirane. Makadi oitanira alendo anapita kwa makolo anga, monga mwa lamulo. Atate ako anabwera kuchokera kuno pa lole, anavala suti yobwereka, n'kuima kunja kwa geti kuyambira m'mawa. Mlonda wa pageti anali munthu wa kwathu kuno, wa ku Katete, ndipo anawamvera chisoni.

"Lowani, akulu," anatero. "Lero kulibe amene afunsa, anthu ni ambiri."

Iwo anakana. Anati anatuluka pouzidwa, adzalowa poitanidwa. Anaima padzuwa mpaka mwambo unatha. Nditatuluka ndi gawuni yanga anandigwira chanza ngati mlendo, anandiyamikira, kenako n'kundifunsa kuti kwaya yaimba bwanji. Ndinati yaimba bwino. Anati anaimva ali panja, ndipo sinaimbe bwino.

Chiyambire pamenepo sanalowemo. Ku Lusaka amapita kawirikawiri pa ntchito za kusitolo, basi imadutsa pa geti pomwepo, ndipo amasuzumira pawindo mpaka mpanda utatha. Lero palibe angawaletse. Boma linasintha, a komiti ija ena anapuma ntchito, ena anamwalira, ndipo sindikhulupirira kuti pali amene akukumbukira dzina lawo. Iwo akudziwa zimenezi. Koma mawu awo ndi omwe aja, adzalowa poitanidwa. Ndipo kuitana kumene kwatsala ndi kumodzi kokha: khadi limene yunivesite imatumiza kwa makolo a mwana amene wamaliza. Azing'ono ako awiri mitu yawo ili ku zina, ndipo sindiwaimba mlandu. Amene wasankhidwa ndiwe.

Ndikuuzenso kuti dokotala wa m'gulu lathu uja anawayeza atate ako mwezi watha, ndipo sanakondwe ndi kuthamanga kwa magazi awo. Wawapatsa mapiritsi, akumwa ndikawakumbutsa. Si nkhani yoti ulire nayo, atha kukhala zaka zambiri. Koma ine ndine mphunzitsi wa mbiri yakale, ndipo ntchito yanga yandiphunzitsa kuti anthu ambiri amene ankadikira chinthu sanachione.

Mawa akuperekeza mpaka ku Lusaka. Akuuza kuti ali ndi ntchito ya kusitolo kumeneko. Ntchito kulibe, apempha tchuthi. Mukakafika pa geti adzakutsitsira bokosi, adzayang'ana wotchi, n'kunena kuti basi yobwerera inyamuka msanga. Usawakoke dzanja. Usawachonderere pamaso pa mlonda, ndipo usalire, chifukwa ukalira iwo adzasowa poyang'ana. Uwatsanzike bwinobwino, upeze wokuthandiza kunyamula bokosilo, ulowe.

Dzulo madzulo ndinawauza kuti ndikulembera kalata. Anali pakhonde, akumanga bokosi lakolo ndi chingwe. Sanadzutse mutu.

"Za geti usalembe," anatero. "Mwana asapite atanisenza ine pamutu. Akakaona choipa kumeneko aimbe, olo amuchotse. Ine kunja kuja n'nazolowera."

Ndinawayankha kuti chabwino. Ndiye ndalemba.

Ndikudziwa kuti ndakusenzetsa katundu amene iwo anafuna kuti usamudziwe, ndipo mwina udzandikwiyira. Kwiya, ndipirira. Tsopano wamva kwa tonse awiri. Iwo akuti uimbe. Ine ndikuti ukamalize. Mwina zaka zonsezi zidzadutsa popanda tsiku limene ziwirizi zidzasemphane, ndipo ndikupemphera kuti zikhale choncho. Koma likadzafika, mumsewumo simudzakhala ine kapena iwo, mudzakhala iwe, ndipo sindikudziwa chimene udzasankhe. Mwina nkhaniyo idzakhala yoona ngati ija ya mnyamata wa ku Mongu, ndipo ine ndemwe ndidzasowa chokuuza. Ndangofuna kuti posankhapo udzakhale ukudziwa amene waima kunja akudikira.

Uyende bwino, mwana wanga. Mulungu akusunge.

Ndine,
Amayi ako